Kodi jumbo yomwe ndakana ingathandize chiyani nyanja ili kutali?

Mayi wina walemba kuti: "Ndakhala ndikuona zithunzi za akamba ndi anangumi atafa chifukwa cha mapulasitiki, ndipo zimandisowetsa mtendere. Ndinasiya kulandira majumbo ndikamagula zinthu, ndimayenda ndi chikwama changa. Koma ndimakhala kutali kwambiri ndi nyanja zikuluzikulu, ndipo anzanga amandiseka kuti ndikudzivutitsa pachabe. Kodi akunena zoona? Nanga munthu mmodzi angachite chiyani chenicheni?"

Mayi, chikwamacho musachisiye. Koma ndikuyankheni mosapita m'mbali: jumbo imodzi yomwe mwakana siingasinthe kanthu kooneka m'nyanja, ndipo pamenepo anzanuwo sakunama. Pomwe akuphonya ndi poganiza kuti nkhaniyi ndi ya anthu a kugombe okha. Mapulasitiki ambiri amene ali m'nyanja sanatayidwe ndi anthu a m'zombo. Anachokera kumtunda, m'misewu, m'misika ndi m'madzala, ndipo anakokoloka ndi madzi a mvula. Zimene zikhale m'nyanja zaka khumi zikubwerazi zikudalira zimene zikulowa lero mu ngalande ya kuseri kwa nyumba, ndipo pa ngalandepo munthu mmodzi ali ndi mphamvu zambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Mukafuna kudzionera nokha, dikirani mvula yamphamvu yoyamba pambuyo pa chilimwe, mukaime pa mlatho uliwonse wa m'tauni. Madzi amabwera ali bii, pamwamba pake pali mabotolo, zitsekero, timapepala ta masiwiti, matewera a ana, masilipasi oduka. Madziwo akaphwa, yang'anani bango ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Majumbo amakhala atakoledwa m'nthambi, ong'ambikang'ambika, akuda ndi abuluu, ndipo amakusonyezani ndendende pamene madzi analekeza. Zomwe zakodwa pamenepozo ndi zochepa. Zambiri zadutsa, ndipo zina zakwiririka m'matope, kudikira madzi osefukira a chaka chamawa kuti zipitirize ulendo.

Pa mfundo ya kutalika kwa kwanu ndi nyanja, chilungamo chake ndi ichi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti mitsinje yoposa 1,000 ndi imene imanyamula 80 peresenti ya mapulasitiki olowa m'nyanja kudzera m'mitsinje, ndipo yambiri mwa iyo ndi mitsinje ing'onoing'ono yodutsa m'mizinda yodzaza anthu kufupi ndi gombe. Wotsogola pa yonse ndi Pasig, umene umadutsa mumzinda wa Manila ku Philippines. Ndiye kuti botolo lotayidwa makilomita mazanamazana kuchokera kunyanja likhoza kukodwa panjira, m'dambo kapena m'damu, osafikako n'komwe. Koma kukodwako si kutha kwake. Limakhala pomwepo likufumbutuka, tizidutswa take tikulowa m'madzi amene anthu akumwa ndi m'nthaka imene akulima. Madokotala a ziweto amazidziwa bwino ng'ombe ndi mbuzi zimene zimangowonda popanda matenda odziwika, pozipha n'kupeza majumbo atapotana m'chifu. Choncho chimene mukuchitacho chikuthandiza kwanu komweko, nyanja isanatchulidwe n'komwe.

Kukula kwa vutoli kunadziwika bwino mu 2015, pamene Jenna Jambeck wa ku yunivesite ya Georgia ku United States ndi anzake anawerengera zinyalala za m'mayiko 192 okhala ndi gombe. Anapeza kuti m'chaka cha 2010 chokha, matani a mapulasitiki apakati pa 4.8 miliyoni ndi 12.7 miliyoni analowa m'nyanja. Chimene ndimafuna anthu azigwira pa kafukufukuyu si chiwerengerocho ayi, koma chifukwa chake. Mapulasitiki amathawira m'nyanja makamaka kumene zinyalala sizitoledwa, kapena zimatoledwa n'kukathiridwa pamtetete m'mbali mwa madzi. Anthu oposa 2 biliyoni padziko lapansi alibe galimoto kapena ngolo yowatengera zinyalala. Mayi amene wathira chidebe cha zinyalala mumtsinje usiku nthawi zambiri si woipa mtima. Alibe kwina kopita nazo.

Ndipo tisafulumire kuloza chala mayiko osauka. Dziko limene linatulutsa zinyalala zapulasitiki zambiri kuposa lina lililonse mu 2016 linali United States, ndi matani pafupifupi 42 miliyoni. Kwa zaka zambiri mayiko olemera ankalongedza zinyalala zawo m'makontena n'kuzitumiza ku China, pamabuku n'kulemba kuti zakonzedwanso. China itatseka chitseko mu Januwale 2018, makontenawo anakhotera ku Malaysia, Vietnam, Thailand ndi Turkey, kumene zambiri zinakatenthedwa kapena kutayidwa pabwalo. N'chifukwa chake mu 2019 mayiko anasintha pangano la Basel, loona za kutumiza zinyalala kumayiko ena, kuti malonda a zinyalala zapulasitiki azifuna chilolezo cha dziko lozilandira.

Gwero la zonsezi ndi kuchuluka kwa zimene mafakitale akupanga. Mu 1950 dziko lonse linapanga matani pafupifupi 2 miliyoni a mapulasitiki. Mu 2019 anali matani 460 miliyoni. Ofufuza atawonkhetsa mapulasitiki onse opangidwa kufika mu 2015 anapeza matani 8.3 biliyoni, ndipo mwa amene anali atatayidwa kale, 9 peresenti yokha ndi imene inasungunulidwa n'kupangidwanso zinthu zina. 12 peresenti inatenthedwa, ndipo 79 peresenti inali idakali m'madzala, m'nthaka ndi m'madzi. Pafupifupi magawo awiri mwa magawo asanu a zinyalala zapulasitiki ndi zokutira katundu, zinthu zimene zimagwira ntchito mphindi zowerengeka koma zimakhalapo kuposa moyo wa amene anazigula.

Zikafika m'nyanja siziwola. Dzuwa limaziumitsa, mafunde n'kumaziswa. Mukatola chidutswa cha ndowa yapulasitiki chimene chakhala pagombe nthawi yaitali, mtundu wake umakhala utasuluka, ndipo mukachipinda chimangoti phwanyu, m'manja n'kutsala ufa wa timibulu. Ufa umenewo ndiwo vuto lenileni, chifukwa palibe amene angautole. Richard Thompson wa ku yunivesite ya Plymouth ku England ndi amene anatchukitsa dzina loti microplastics mu 2004, dzina limene masiku ano limatanthauza tizidutswa tosakwana mamilimita 5. Lero timapezeka mumchenga wa m'magombe, m'madzi oundana a ku Arctic kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'mimba mwa nsomba ndi mumchere. Mu 2022 ofufuza a ku Netherlands anatipeza m'magazi a anthu 17 mwa anthu 22 amene anawayeza.

Mwina munamvapo za "chilumba cha zinyalala" cha m'nyanja ya Pacific, pakati pa Hawaii ndi California. Si chilumba choti munthu n'kuimapo. Ndi dera limene madzi amazungulira, n'kumasonkhanitsa zoyandama pakati. Muyeso wa mu 2018 unasonyeza kuti ndi lalikulu masikweya kilomita 1.6 miliyoni, kuwirikiza katatu dziko la France, ndipo muli tizidutswa pafupifupi 1.8 thiriliyoni tolemera matani pafupifupi 80,000. Taganizirani bwino chiwerengero chomalizachi. M'nyanja mumalowa matani mamiliyoni chaka chilichonse, koma pamalo otchuka kwambiri pali matani 80,000 okha. Ena onse ali kuti? Ambiri amabwerera kumagombe, ena amamira. Botolo la madzi akumwa likataya chitsekero n'kudzaza madzi limapita pansi. Jumbo inajambulidwa pansi pa Mariana Trench, chigwa chakuya kwambiri cha pansi pa nyanja ya Pacific, pamalo akuya mamita 10,898. Pachilumba cha Henderson, kum'mwera kwa Pacific, pamene sipakhala munthu ngakhale mmodzi, ofufuza anawerengera zidutswa pafupifupi 38 miliyoni mu kafukufuku wa mu 2017. Ndipo tizidole ta Lego pafupifupi 5 miliyoni timene tinagwa m'chombo cha Tokio Express mu 1997 takhala tikutoledwabe m'magombe a Cornwall ku England patapita zaka zoposa 20.

Palinso china chimene zithunzi zambiri sizionetsa. Pafupifupi theka la kulemera kwa zinyalala za pa Pacific paja, 46 peresenti, ndi maukonde a asodzi. Ukonde wa nayiloni ukaduka kapena ukatayidwa dala, susiya kugwira. Umakola nsomba, akamba ndi mbalame, umamira ndi kulemera kwa zakufazo, zikawola umayandamanso n'kuyambiranso. Lamulo la dziko lonse loletsa zombo kutaya mapulasitiki m'nyanja, la pangano la MARPOL, lakhala likugwira ntchito kuyambira 1988, koma pakati pa nyanja palibe wapolisi. Chimene chimathandiza ndi choti pamadoko pakhale polandirira maukonde akutha mwaulere kapena mowagula, ndiponso kuti ukonde uliwonse ukhale ndi chizindikiro cha mwini wake.

Zithunzi zimene zikukusowetsani mtenderezo ndi zoona, ndipo sindikuuzani kuti musiye kukhudzidwa nazo. Nangumi amene anapezeka atafa ku Wakatobi m'dziko la Indonesia mu Novembala 2018 anali ndi makilogalamu 5.9 a mapulasitiki m'mimba, kuphatikizapo makapu 115, majumbo 25 ndi masilipasi awiri. Miyezi ingapo pambuyo pake, wina ku Philippines anapezeka ndi makilogalamu 40. Kamba wa m'nyanja amadya tamoyo toterera totchedwa jellyfish, ndipo jumbo yoyera ikamayandama m'madzi imaoneka chimodzimodzi. Pachilumba cha Midway, m'nyanja ya Pacific, mbalame zikuluzikulu zotchedwa albatross zimauluka mitunda italiitali kukasaka chakudya cha ana awo, n'kuwalavulira m'kamwa zimene zatola pamwamba pa madzi. Mwanapiye akafa n'kuuma, pakati pa nthiti ndi nthenga pamatsala mulu wa zitsekero za mabotolo, malaita ndi zidutswa za miswachi. Nyama zotere zimafa ndi njala m'mimba muli modzaza. Kholo linagwira ntchito yake mokhulupirika, koma chimene linabweretsa si chakudya.

Anthu ambiri akamva izi amafunsa kuti, bwanji osangopita ndi zombo kukazitola? Alipo amene akuyesa. Boyan Slat wa ku Netherlands anayambitsa bungwe la The Ocean Cleanup mu 2013, ndipo zombo zawo zimakoka maukonde aakulu pa Pacific. Khama lawo ndimalilemekeza. Koma akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka. Zimene zamira, zimene zasanduka ufa, zimene zamezedwa, palibe chombo chingazibweze. Kutola za m'nyanja pamene mitsinje ikuthirabe kuli ngati kukapa madzi m'bwato osatseka chibowo. Bungwe lomweli linazindikira zimenezi, ndipo kuyambira 2019 lakhala likuika makina otchinga zinyalala m'mitsinje. Mumzinda wa Baltimore ku United States muli gudumu loyenda ndi madzi komanso mphamvu ya dzuwa limene lakhala likuwola zinyalala pamathiriro a mtsinje kuyambira 2014. Pamtsinje zinyalala zimakhala zili pamodzi, zikadali zikuluzikulu, ndipo kuzichotsa n'kotchipa. Pakhomo panu n'kotchipa kuposa pamenepo.

Tsono tibwere pa inuyo.

Choyamba, ndipo ichi chikuposa kukana jumbo, ndi kudziwa kumene zinyalala zanu zimathera. Anthu ambiri amaona kuti ntchito yatha akazitulutsa pachipata. Ngati mumalipira munthu wokutengerani zinyalala, mufunseni kumene amakazitaya. Akakuyankhani mozemba, dziwani kuti mwina zikuthera pansi pa mlatho wapafupi, ndipo ndalama yanu ndi imene ikuzifikitsa kumeneko. Kuli bwino kuwonjezera pang'ono kuti zikafike kumalo ovomerezeka.

Ngati kwanu kulibe otola zinyalala, yambani ndi kulekanitsa. Makoko, zotsala za chakudya ndi masamba zipite padzenje la manyowa. Mukatero mupeza kuti chotsala ndi chochepa, chouma ndiponso chosanunkha, choti mukhoza kuchisunga m'thumba kwa milungu. Mabotolo ndi zigubu muwapatse ogula kapena otola. Zotsala zimene palibe angazifune, kuli bwino kuzikwirira mozama kutali ndi chitsime ndi njira ya madzi kusiyana n'kuzisiya pamtunda. Ndipo chonde, mayi, musazitenthe. Ndikudziwa kuti moto umaoneka ngati njira yaukhondo chifukwa mulu umatha, koma utsi wa mapulasitiki, makamaka a mtundu wa PVC, umatulutsa poizoni wotchedwa dioxin ndi mwaye umene umalowa mkatikati mwa mapapo. Amene amaupuma kwambiri ndi ana ndi amene wayatsa motoyo. Kuyatsira mbaula ndi jumbo n'koopsanso chimodzimodzi.

Pa nkhani yokonzanso mapulasitiki, anthu anauzidwa zolimbikitsa zoposa zoona. Kachizindikiro ka mivi itatu pansi pa botolo sikatanthauza kuti botololo likakonzedwanso. Nambala ili pakatiyo imangotchula mtundu wa pulasitiki. Amene ali ndi msika weniweni ndi a nambala 1, monga mabotolo a madzi ndi zakumwa, ndi a nambala 2, monga zigubu zolimba za mkaka ndi sopo wamadzi. Majumbo opyapyala, mbale zoyera zopepuka zotengeramo chakudya, ndi timapaketi tonyezimira mkati ta sopo, khofi kapena mafuta odzola, izi pafupifupi palibe amene amazigula. Timapaketi timeneti timapangidwa pomata pamodzi pulasitiki ndi chitsulo chopyapyala, moti kuzilekanitsa n'kodula kuposa kupanga zatsopano. Komanso pulasitiki akasungunulidwa mphamvu yake imachepa, choncho botolo nthawi zambiri limakasanduka ulusi wa zovala kapena chinthu china chimene sichidzakonzedwanso. Sindikunena kuti musiye kusonkhanitsa mabotolo. Ndikunena kuti kusagula n'komwe kumaposa kukonzanso kutalitali.

Pano ndiime pang'ono ndinene za anthu otola mabotolo m'misewu ndi kumadzala. M'mizinda yambiri ya padziko lapansi iwowa ndi amene akugwira ntchito yaikulu yobweza mapulasitiki kumafakitale, opanda magolovesi, opanda malipiro okhazikika, kwinaku akunyozedwa. Mukawasungira mabotolo otsuka m'thumba lapadera, osasakaniza ndi magalasi osweka kapena matewera, mwawateteza ku mabala ndipo mwawawonjezera ndalama ya tsikulo. Zimandipweteka ndikaona munthu akuthamangitsa wotola mabotolo pachipata, iyeyo ali wotaya.

Pa zogula, lamulo langa ndi losavuta: yang'anani chimene chimadzaza bini yanu mlungu uliwonse, muyambe ndi chimenecho. Kwa ena ndi mabotolo a madzi, ndipo botolo limodzi lolimba lodzazanso limathetsa nkhaniyo ngati madzi a pakhomo ali abwino kapena mungathe kuwawiritsa ndi kuwasefa. Kwa ena ndi matewera otaya, ndipo ngakhale kugwiritsa ntchito ochapa masana okha kumachepetsa mulu. Kwa ena ndi timapaketi ting'onoting'ono. Amene thumba likumulola agule chachikulu chimodzi m'malo mwa tating'ono makumi awiri. Amene amagula kapaketi ka tsiku limodzi chifukwa ndi ndalama yokhayo imene ali nayo, sindingamuweruze, ndipo inunso musamuweruze. Udindo wa kapaketiko uli pa kampani imene inasankha kugulitsa katundu wake m'chinthu chimene ikudziwa kuti palibe adzachitole.

Musathamangire kugula zinthu zatsopano zolembedwa kuti n'zosawononga chilengedwe. Bungwe la boma loona zachilengedwe ku Britain linapeza mu 2011 kuti chikwama cha thonje chiyenera kugwiritsidwa ntchito maulendo 131 kuti chipose jumbo wamba pa nkhani ya mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa kulima ndi kukonza thonje kumadya zambiri. Ndiye chikwama chanucho chigwiritseni ntchito mpaka ching'ambike, kenako muchisoke. Majumbo olembedwa kuti amawola nawonso musawakhulupirire msanga. Ofufuza a ku Plymouth anaika majumbo otere m'nthaka ndi m'madzi a m'nyanja, ndipo patapita zaka zitatu ena anatuluka olimba moti anatha kunyamula katundu. Ambiri amafuna kutentha kwa m'mafakitale a manyowa kuti awole, ndipo m'nyanja kutentha kotero mulibe.

Palinso mapulasitiki amene timataya osadziwa. Zovala zambiri za masiku ano ndi za polyester, nayiloni ndi acrylic, imene ndi mitundu ya pulasitiki, ndipo pochapa zimathothoka timaulusi. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti kuchapa kamodzi makilogalamu 6 a zovala za acrylic m'makina kukhoza kutulutsa timaulusi toposa 700,000. Kusachapa chovala chimene sichinade, kudzaza makina m'malo mochapa pang'onopang'ono, ndi kuvala zovala mpaka zithe m'malo mosinthasintha, zonsezi zimachepetsa. Matayala a galimoto akamaperepeseka pamsewu, fumbi lake limakokolokera m'ngalande, ndipo ili ndi limodzi mwa magwero aakulu a timapulasitiki ting'onoting'ono. Timapepala tonyowa topukutira ana tambiri tili ndi pulasitiki, choncho tisamaponyedwe m'chimbudzi cha madzi. Mabaluni ouluzidwa pachikondwerero amakagwa kwinakwake, ndipo mbalame za m'nyanja zikawameza amazitseka matumbo.

Ngati muli ndi wachibale wosuta, muuzeni izi. Bungwe la Ocean Conservancy lakhala likutsogolera ntchito yoyeretsa magombe chaka ndi chaka kuyambira 1986, ndipo amawerenga chilichonse chimene atola. Kwa zaka zambiri chinthu chochuluka kuposa china chilichonse chakhala zotsalira za ndudu. Kathonje ka kumapeto kwa ndudu si thonje ayi, ndi pulasitiki wotchedwa cellulose acetate, ndipo kamakhala katamwa poizoni wa fodya.

Kuyeretsa magombe ndi mitsinje kuli ndi phindu, makamaka kukachitika mosalekeza. Loya wina wa ku Mumbai m'dziko la India, Afroz Shah, anayamba kutola zinyalala pagombe la Versova mu 2015 ali ndi mnansi wake wachikulire. Anthu anayamba kuwonjezekera mlungu ndi mlungu mpaka mchenga umene unakwiririka unaonekanso, ndipo mu 2018 tiana ta akamba tinaswa pagombepo. Koma mukakonza ntchito yotere kwanu, yambani mwapeza galimoto yodzanyamula zimene mutole ndi malo okazitaya. Mulu wosiyidwa m'mbali mwa ngalande umabwereramo ndi mvula yotsatira, ndipo anthu amene anadzipereka amagwa mphwayi. Nthawi yabwino ndi mvula isanayambe.

Tsopano ndifike pa chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse ndatchulazi. Kusintha kwakukulu kulikonse kumene kwachitika pa nkhaniyi kunabwera ndi lamulo. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 itaona kuti anatseka ngalande n'kukulitsa madzi osefukira. Chaka chomwecho Ireland inaika msonkho wa masenti 15 a ndalama ya yuro pa jumbo iliyonse, ndipo kugwiritsa ntchito majumbo kunatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Anthu a ku Ireland sanasinthe mitima usiku umodzi. Chimene chinasintha ndi choti jumbo inasiya kukhala yaulere. Rwanda inaletsa mu 2008, Kenya mu 2017 ndi zilango zokhwima, ndipo mayiko a European Union analetsa mbale, masipuni ndi timapaipi toyamwira tapulasitiki totaya kuyambira Julayi 2021. Ku Germany munthu amalipira masenti 25 owonjezera pa botolo lotaya, n'kuwalandiranso akalibweza, ndipo mabotolo oposa 95 pa 100 aliwonse amabwerera. Botolo likakhala ndi mtengo silikhalitsa pansi, chifukwa wina alitola. Koma lamulo longolembedwa popanda olitsatira silichotsa jumbo ngakhale imodzi mumsika, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo otere ogona m'mabuku.

Pa dziko lonse, mayiko 175 anagwirizana ku Nairobi mu Malichi 2022 kuti alembe pangano lothana ndi mapulasitiki. Zokambirana za ku Busan m'dziko la South Korea kumapeto kwa 2024 zinatha popanda mgwirizano, ndipo za ku Geneva m'dziko la Switzerland mu Ogasiti 2025 zinatheranso chimodzimodzi. Mkangano wake ndi umodzi. Mayiko ambiri akufuna kuti pakhale malire a kuchuluka kwa mapulasitiki opangidwa, pamene mayiko ena okumba mafuta, amene ndi gwero la pulasitiki, akufuna kuti panganolo lingonena za kasamalidwe ka zinyalala. Ine ndili kumbali ya oyambawo. Palibe khonsolo ya mzinda, ngakhale yolemera bwanji, imene ingatole mofanana ndi liwiro limene mafakitale akupangira.

Mwina mukuti, nanga ine ndi ndani pa nkhani za ku Geneva? Kumeneko simungafike, koma mphamvu zanu zilipo pafupi. Ngati ndinu wokonza chakudya cha msonkhano, wa mu komiti ya sukulu, wa gulu la amayi kumpingo kapena kumzikiti, kapena wogula zinthu za ku ofesi, mawu anu amodzi oti tigwiritse ntchito mbale ndi makapu otsuka amachotsa mapulasitiki a anthu mazana pa tsiku limodzi. Mwini golosale amene makasitomala angapo amufunsa ngati angabwere ndi zigubu zawo amayamba kuganizapo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo anzanu akukusekaniwo ndi amene mukuwafuna. Musakangane nawo za anangumi. Afunseni ngati amakondwa ndi madzi olowa m'nyumba ngalande ikatsekeka, kapena udzudzu woswana m'zigubu zotayidwa. Pamenepo mugwirizana msanga.

Mukagwirizana, lemberani khansala ndi phungu wanu, ndipo musayine ambiri. Pemphani kuti zinyalala zizitoledwa pa tsiku lodziwika, kuti pamsika pakhale mabini amene amakhuthulidwa, ndiponso kuti makampani ogulitsa zakumwa ndi katundu wa m'mapaketi azilipira gawo la ndalama zotolera zinyalala zawo, monga mmene malamulo a mayiko ambiri akunenera tsopano. M'kalatamo tchulani dzina la msewu ndi ngalande imene yatsekeka, tsiku limene galimoto ya zinyalala inabwera komaliza, ndi chiwerengero cha mabanja amene akuidikira. Ikanimo zithunzi, sungani kope, ndipo pakatha mwezi osayankhidwa mupiteko nokha muli gulu.